Kodi zipata za mayiko amatsegula ndani, boma kapena olemba anthu ntchito?

Mwana_wa_Tengani
Akuluakulu, amayi ndi abambo a pa gulu lino, ndili ndi funso limene landisowetsa mtendere kuyambira Loweruka, pamene tinachezera pa maliro kwa Tengani tikukambirana za anyamata athu amene akupita kunja kukagwira ntchito. Bambo wina wachikulire ananena kuti chipata cha dziko sichitsegulidwa ndi boma, chimatsegulidwa ndi munthu amene mbewu zake zikuwolera m'munda. Poyamba ndinaseka, koma nditafika kunyumba ndinayamba kuwerengera. Kumapeto kwa Novembala 2023 achinyamata 221 anakwera ndege kupita ku Israel kukagwira ntchito m'minda, patangopita milungu isanu ndi iwiri chiyambireni nkhondo ya ku Gaza, antchito ambiri a ku Thailand atabwerera kwawo ndipo a ku Palestine ataletsedwa kulowa. Alimi a kumeneko analira kwa boma lawo, ndipo khomo limene kale linkalowa ophunzira zaulimi ochepa chabe linatseguka kwa mnyamata wamba. Koma mu Ogasiti 2025 dziko la America linalamula kuti Mmalawi wofuna viza yokacheza kapena ya zamalonda azisiya chikole chofika madola 15,000. Munthu yemweyo, kwina akumuitana, kwina akumuthamangitsa. Kodi makampani ali ndi dzanja lalikulu bwanji pa malamulo oterewa, ndipo ngati ali nalo, n'kulakwa?

Kabaza_Nchalo
Funso lanu ladziyankha lokha, achimwene. Wolemera akasowa manja chipata chimatseguka, akakhuta chimatsekeka, ndipo ife timangomva pa wailesi.

Mphunzitsi_Wopuma_Ngabu
Mwana wanga wa kwa Tengani, bambo amene mudacheza nawo pa maliro aja sadaphonye, ndipo umboni wake uli m'dzina limene tonse timalitchula tikamatsika basi ku Blantyre. Malo aja amatchedwa Wenela chifukwa cha bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, limene eni migodi ya golide a ku Johannesburg adakhazikitsa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 kuti liziwasonkhanitsira anthu okumba pansi. Silidali bungwe la boma ayi, lidali la makampani. M'chaka cha 1913 boma la South Africa lidaletsa kulemba anthu ochokera kumpoto kwa mzere wa pa mapu wa madigiri 22 kumwera kwa ikweta, ife a Nyasaland tili m'gulu lomwelo, chifukwa anthu ochokera kumadera otentha ankafa ndi chibayo mochuluka zedi m'migodimo. Chiletsocho chidakhala zaka pafupifupi makumi awiri. Mtengo wa golide utakwera m'zaka za m'ma 1930, eni migodi adafuna antchito ambiri otsika mtengo, adaumiriza boma lawo, ndipo chiletso chija chidachotsedwa.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kwathu kuno kudalinso gulu lina lokokera kwake. Azungu a minda ya tiyi ndi fodya ku Thyolo, Mulanje ndi Zomba sankafuna kuti amuna azichoka m'dziko, osati powamvera chisoni, koma chifukwa thangata imafuna anthu. Ankadandaula ku boma la atsamunda kuti Wenela ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu opita ku Southern Rhodesia, akuwathera antchito, pamene iwo omwewo ankalandira ndi manja awiri mabanja ochokera ku Mozambique othawa chibalo cha Apwitikizi, popeza munthu wopanda malo ake sakana ntchito. Choncho awa ankakoka chingwe kuti chipata chotulukira chitseguke, awo kuti chotulukira chitsekeke koma cholowera chikhale chotsegula. Mu 1936 maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia adasainirana pangano ku Salisbury lokhudza kayendedwe ka antchito amenewa, ndipo pa bwalo limenelo padalibe mnyamata wa ku Port Herald, Nsanje ya lero, ngakhale mmodzi.

NaMakhanga
Takhuta, aphunzitsi, mwandikumbutsa malemu bambo anga. Iwo anapita ku Wenela mu 1972, ine ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ankatifotokozera kuti ku depoti anawavula malaya, kuwakweza pa sikelo, kuwagogoda pachifuwa ndi kuwadinditsa chala pa pepala limene sanathe kuliwerenga, kenako ndege yochokera ku Chileka inakawatula ku Francistown, kumene anakwera sitima ya pamtunda mpaka ku Joni. Gawo lina la malipiro awo silinkaperekedwa m'manja kumgodiko, linkasungidwa kuti adzalandirire kuno, ndipo atabwera anagula ng'ombe ziwiri, njinga ndi malata a nyumba. Anabweretsanso bokosi lachitsulo lobiriwira limene amayi ankasungiramo zitenje, ndipo madzi atasefukira mu Januwale 2015 bokosi lomwelo tinalipeza litakodwa mu mtengo wa mango, nyumba itapita kale. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti ine ulendo umenewu sindiutukwana, chifukwa ndinaphunzira sukulu ndi ng'ombe zimenezo.

Koma pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna kutsutsana nacho. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi anafa. Kamuzu analetsa kulemba anthu nthawi yomweyo, ngakhale kuti Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ndipo eni migodi sanakondwe nazo m'pang'ono pomwe. Ndiye kuti boma likafuna kukana limakana, makampani sali pamwamba pa zonse.

Mphunzitsi_Wopuma_Ngabu
Mwanena zoona, mayi, koma nkhaniyo ili ndi mchira. Mu 1977 kulemba kuja kudayambiranso, ngakhale kuti chiwerengero chidali chochepa ndipo bungwe lidasintha dzina kukhala TEBA. Ndalama zosungidwa zija, zimene bambo anu adagulira ng'ombe, zinkalowa m'dziko ngati ndalama zakunja, ndipo boma lililonse limazifuna. Musaiwalenso kuti amene ankadandaula za kusowa kwa antchito m'zaka za m'ma 1970 adali eni minda ikuluikulu ya fodya ya kwathu konkuno, ambiri mwa iwo anthu a mphamvu m'chipani, kotero kubwerera kwa amuna aja kudawakomera. Pomaliza adatseka khomo ndi a ku South Africa eni ake mu 1988, pa mkangano wa kuyeza anthu kachilombo ka HIV, pa nthawi imene migodi sinkawafunanso Amalawi monga kale.

Mchona_Germiston
Ine ndakhala kuno ku South Africa zaka khumi ndi zinayi, ndipo ndikufuna kuwonjezera chinthu chimene simungachione muli kumudzi. Lamulo la 2002 la dziko lino lili ndi chilolezo chapadera chimene chimaperekedwa kwa kampani, osati kwa munthu, kuti ilembe alendo ambiri nthawi imodzi, ndipo amene amachigwiritsa ntchito kwambiri ndi migodi ndi minda ikuluikulu. Anthu a ku Zimbabwe ndi a ku Lesotho anapatsidwanso mapemiti apadera, koma ife Amalawi tilibe otere, ambiri timalowa ngati odzacheza masiku 30 n'kukhaliratu. Tsono chimene ndaona n'chakuti bwana wanzeru sapempha kuti chipata chitsegulidwe kotheratu. Iye amakondwa chikakhala chotsekeka pa pepala koma chotseguka kuseri, chifukwa wantchito wopanda mapepala sakadandaula ku ofesi ya zantchito, salowa bungwe la apantchito, ndipo akamulipira theka amathokoza. Apolisi akabwera amanyamula ife kupita nafe ku Lindela, kumalo osungira alendo oti abwezedwe kwawo, bwana amatsala akumwa tiyi, ndipo m'mawa mwake walemba ena.

Wazamalamulo_Dyeratu
Ndikupempha kuti tisiyanitse zinthu ziwiri zimene zikusakanizidwa pano, chifukwa tikapanda kutero tingomaliza ndi mawu akuti onse ndi akuba, amene satifikitsa kulikonse. Kupereka chiphuphu kwa mkulu wa boma kuti asainire chilolezo ndi mlandu. Koma kupita kwa nduna kapena kwa aphungu kukafotokoza zofuna zako ndi kuwanyengerera kuti lamulo likukomere, chimene pa Chingerezi amati lobbying, si mlandu, ndipo mipingo, mafumu ndi mabungwe a alimi amachita zomwezo. Ku America ntchito imeneyi ili ndi lamulo lake la 1995, limene limakakamiza onyengerera olipidwa kulembetsa m'kaundula ndi kuulula ndalama zimene alandira komanso nkhani imene akuitsata.

Chifukwa cha kaundula ameneyu, dzanja la makampani limaoneka poyera. Viza yotchedwa H-1B, ya akatswiri monga a makompyuta, inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1990 ndi malire a anthu 65,000 pa chaka. Makampani a zamakompyuta ataumiriza kuti akusowa akatswiri, aphungu anakweza malirewo kufika 115,000 mu 1998, ndipo mu 2000 anawakwezanso kufika 195,000. Malonda a makampaniwo atagwa, chiwerengero chinabwerera pa 65,000 mu 2004, ndipo pambuyo pake anangowonjezera malo 20,000 a amene aphunzira madigiri apamwamba m'dzikomo. Alimi akuluakulu nawo ali ndi viza yawo ya H-2A, imene ilibe malire a chiwerengero n'komwe. Kale, kuyambira 1942 mpaka 1964, analinso ndi dongosolo lotchedwa Bracero lotenga antchito ku Mexico, limene linayamba ngati njira yongodutsira nthawi ya nkhondo koma alimi analiteteza mpaka linakhala zaka 22. Aphunzitsi akaliwerenga adzaona kuti ndi mapasa ndi Wenela.

Komabe makampani sapambana nthawi zonse. Mu 2013 Mark Zuckerberg wa Facebook ndi anzake anakhazikitsa gulu la FWD.us kuti likankhire lamulo lalikulu losintha za olowa m'dziko, ndipo nyumba ya Senate inalivomereza ndi mavoti 68 kwa 32, koma linafera ku nyumba inayo osavoteredwa. Mu Seputembala 2025 Donald Trump anaika chindapusa cha madola 100,000 pa pempho latsopano la H-1B, ndipo bungwe lalikulu la amalonda a m'dzikomo linathamangira kukhothi. Ndalama zili ndi mawu, koma mkwiyo wa ovota ulinso ndi mawu ake.

Kabaza_Nchalo
Bwana wa zamalamulo, mwalemba bwino, koma ine kusiyana kwake sindikukuona. Wina apereka envulopu usiku mukuti ndi mlandu, wina athandiza chipani pa kampeni masana mukuti ndi ufulu, pamene onse awiri akugula chinthu chimodzi.

Wazamalamulo_Dyeratu
Kusiyana kulipo, achimwene, ngakhale n'kochepa kuposa mmene ndikanafunira. Wa masana uja mukhoza kumuona, kumutchula dzina ndi kumutsutsa, pamene wa usiku simudzamudziwa mpaka kalekale.

MlimiWaThonje_Sorgin
Ndilankhule ngati munthu amene amalemba ena ntchito, ngakhale kuti ndine wamng'ono. Ndili ndi maekala asanu ndi limodzi a thonje, ndipo nthawi yothyola ikafika manja a pakhomo pano sakwana. Amene amandithandiza chaka ndi chaka ndi abale ochokera kutsidya, amene amalankhula Chisena chomwechi, ena mwa iwo ndi adzukulu a agogo anga. Thonje silidikira munthu, likachedwa m'munda limada ndipo pa msika limagwa giredi. Tsiku lina boma litalamula kuti aliyense wochokera ku Mozambique azionetsa chilolezo chogwirira ntchito asanagwire ganyu, ine ndidzakhala woyamba kupita kwa phungu wathu, ndipo ndidzatenga alimi anzanga kuti mawu athu alemere. Kodi pamenepo ndidzakhala nditachita katangale? Mlimi wa ku Israel kapena wa ku Britain amene zipatso zake zikuwola ali ndi vuto lofanana ndi langa, kungoti iye ali ndi ofesi mumzinda waukulu ndipo ine ndili ndi njinga.

Mchona_Germiston
Bambo a ku Sorgin, funso langa ndi limodzi lokha. Wa ganyu wanu uja akaona kuti mnansi wanu akulipira bwino, angathe kukusiyani n'kupita kumeneko?

MlimiWaThonje_Sorgin
Angathe, ndipo amaterodi. Chaka chatha atatu anandisiya dzuwa lili paliwombo chifukwa munda woyandikana nane anawonjezera ndalama pa thumba, ndipo ndinakakamizika kukweza nanenso.

Mchona_Germiston
Pamenepo ndiye pali kusiyana konse pakati pa inu ndi makampani amene tikuwanenawa. Iwo sapempha antchito chabe, amapempha antchito omangidwa. Viza imene amaikonda ndi yolembedwa dzina la bwana, yoti ukamusiya tsiku lomwelo wasanduka wolowa mozemba. Kumbukirani kuti mu Meyi 2024 zinalengezedwa kuti Amalawi 12 abwezedwa kuchokera ku Israel chifukwa anasiya minda n'kukagwira ntchito kwina. Anthu ambiri anawadzudzula kuti achititsa dziko manyazi, koma chimene anachita ndi chomwe anachita a ganyu anu atatu aja.

Namwino_Fatima
Ine ndikugwirizana ndi a ku Germiston pa za kumangidwa, koma ndikufuna kuonetsa mbali ina kuchokera ku Britain, kumene mwana wa mchemwali wanga akusamalira okalamba. Dzikolo litatuluka mu mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, alimi kudzera m'bungwe lawo la National Farmers' Union analira kuti akusowa othyola zipatso, ndipo viza ya antchito a nyengo imene inayamba ndi malo 2,500 mu 2019 inafika pa 45,000 mu 2023. Eni nyumba zosamaliramo okalamba nawo analira, ndipo mu Febuluwale 2022 boma linalola kulemba osamalira okalamba kuchokera kunja. Mwana wathu analowera pa khomo limenelo, atagulitsa puloti yake ku Bangula kuti apeze ya ndege. Anzake amene anatsala akukonzekera anapeza zinthu zitasintha, chifukwa mu Malichi 2024 analetsa kutenga mwamuna kapena ana, ndipo mu Julayi 2025 anatsekeratu kulemba anthu atsopano kuchokera kunja. Eni nyumba zija anadandaula kwambiri koma sanamvedwe, popeza andale anaona kuti ovota atopa ndi ziwerengero za alendo. Ndiye khomo linatsegulidwa ndi olemba ntchito, linatsekedwa ndi ovota, ndipo mtsikana wosintha matewera a nkhalamba usiku sanafunsidwe potsegula ngakhale potseka.

Thabwa_77
Tikuloza zala mayiko a eni ngati kuti kwathu kuno kulibe zotere. Mu Febuluwale 2024 boma lathu linachotsa viza kwa anthu a mayiko 79, kuphatikizapo America ndi Britain, ndipo amene anakhala akupempha zimenezi kwa zaka zambiri ndi eni mahotela ndi malo okopa alendo. Sindikuti n'zoipa, chifukwa mlendo akabwera ku Majete kapena ku Lengwe wogulitsa tomato pa Dyeratu amapindulako. Koma taonaninso za mu Meyi 2023, pamene apolisi ndi asilikali anasonkhanitsa othawa kwawo ochokera ku Burundi, Rwanda ndi Congo amene ankachita malonda m'matauni n'kuwabwezera ku Dzaleka, msasa umene unamangidwira anthu pafupifupi 12,000 koma muli oposa 50,000. Amene ankafuula kwambiri kuti anthuwa achoke anali amalonda anzawo a m'misika, amene ankati akuwalanda makasitomala. Kumenekonso ndi kunyengerera boma, kungoti kunali kotseka osati kotsegula, ndipo ochita ake sanavale masuti.

Wamalonda_Bangula
A Thabwa, musatiike m'thumba limodzi ndi makampani a ku America. Ine ndili ndi kagolosale kamodzi, ndimalipira msonkho ndi chiphaso cha khonsolo, ndipo kupempha kuti lamulo limene lilipo kale litsatidwe si kugula boma. Dziko lililonse limasungira eni ake malonda ang'onoang'ono.

Thabwa_77
Sindinati munagula boma, bambo. Ndati munalankhula ndipo munamvedwa, pamene mayi wa ku Burundi amene anasiya katundu wake m'sitolo sanamvedwe. Mawu omwewo akuti atilanda malonda ndi amene abale athu amauzidwa ku Joni, ndipo mu 2008 anthu 62 anaphedwa kumeneko pa zipolowe zodana ndi alendo.

Gogo_Mankhokwe
Ana inu mukukamba za Dzaleka, koma ife a kuno tidaona zazikulu. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique dziko lino lidasunga anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo m'boma la Nsanje alendo adachuluka kuposa eni mudzi. Ku Mankhokwe kudali ngati mzinda, ndipo ku Kunyinda kudalinso msasa waukulu. Tidagawana nawo nkhuni, zitsime ndi manda, mpaka pangano la mtendere lidasainidwa ku Rome mu 1992 ndipo ambiri adabwerera. Mu Disembala 2024 adabweranso ena pothawa zipolowe za chisankho, ena powoloka Shire pa bwato, ndipo palibe kampani imene idawaitana. Pa Marka paja mzere adaujambula ndi Azungu, koma maliro akachitika ku Vila Nova timapita, ndipo akachitika kuno amabwera.

Woyang'anira_Gulu
Agogo, mawu anu talandira ndi ulemu, ndipo nkhani ya othawa nkhondo tidzaipatsa tsiku lakelake. Pakadali pano tibwerere ku funso la dzanja la makampani pa malamulo.

Mphunzitsi_Wopuma_Ngabu
Ndikuona kuti agogo sadachoke pa mutu kwenikweni. Atisonyeza kuti anthu amayenda ngakhale popanda wowaitana, koma lamulo lolembedwa bwino, lokhala ndi ndege, kontrakiti ndi sitampa, limabadwa msanga pamene pali wamphamvu wofuna manja awo. Mayi wogulitsa nsomba pa Marka wadutsa mzere umenewu moyo wake wonse, ndipo palibe amene adamutsegulira khomo monga lidatsegukira la ku Israel lija m'milungu isanu ndi iwiri.

Mlongo_wa_Mnyamata
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma tsopano ndilankhule chifukwa nkhaniyi ili m'nyumba mwathu. Namondwe wa Freddy atawononga munda wathu mu Malichi 2023, kenako kwacha n'kugwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala chaka chomwecho, mlongo wanga wamng'ono anati iye kuno sakhalanso. Anamva za kampani ina ya mu Blantyre yotumiza anthu kunja, ndipo tinagulitsa ng'ombe yaikazi pa msika wa Ngabu ndi mbuzi zinayi kuti apeze pasipoti, ziyezo za kuchipatala ndi ndalama imene ejenti ankaitcha yolembetsera. Ndinamuperekeza ine ndemwe. Mu ofesimo munali mabenchi awiri, anyamata oposa makumi atatu atanyamula mafayilo apulasitiki, ndipo pakhoma panapachikidwa chithunzi cha mwini kampani akugwirana chanza ndi munthu wina wodziwika. Anyamata onse ankayang'ana chithunzi chimenecho ngati ndicho chikole chawo. Kontrakiti anapatsidwa kuti asaine pomwepo, masamba asanu ndi anayi a Chingerezi, ndipo nditapempha kuti tipite nayo kunyumba tikaiwerenge, mlembi anati amene akufuna kuwerenga apatse mpata amene akufuna kupita.

Anasaina. Anadikira miyezi khumi ndi umodzi, foni ya ejenti inasiya kupezeka, ndipo lero akupalasa kabaza pa Miseu Folo ndi pasipoti yatsopano m'chikwama. Chimene chimandiwawa si ng'ombe yokha. Pamene gulu loyamba linkanyamuka mu 2023, aphungu ena ndi mabungwe omenyera ufulu anadandaula kuti dongosolo lonse lachitika mwachinsinsi, ndipo mgwirizano wa maboma awiri unadzasainidwa mu Epulo 2024, anthu atapita kale kudzera m'makampani. Ndiye kuti makampani anatsogola, lamulo linabwera pambuyo. A zamalamulo, kodi ife anthu wamba tingadziwe bwanji amene anakhala m'chipinda pamene zinthu zoterezi zinkakonzedwa?

Kabaza_Nchalo
Pepani, achemwali. Pa siteji yathu pali anyamata anayi a nkhani yofanana ndi imeneyi, ndipo mmodzi akubwezabe ngongole ya banki mkhonde imene amayi ake anatenga.

Wazamalamulo_Dyeratu
Pepani kwambiri, mayi. Yankho loona n'lakuti kwathu kuno tilibe kaundula wa onyengerera boma monga wa ku America uja, kotero munthu akakumana ndi nduna pa nkhani ya malonda ake palibe pamene zimalembedwa kuti aliyense aone. Komabe tili ndi zida ziwiri zimene sitizigwiritsa ntchito mokwanira. Choyamba ndi lamulo la zipani la 2018, limene limati chipani chiziulula thandizo lochokera kwa munthu likafika K1 miliyoni, ndi lochokera ku kampani likafika K2 miliyoni, ngakhale kuti ofesi ya mlembi wa zipani inakhala zaka zingapo yopanda mwini wake mpaka 2024. Chachiwiri ndi lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Pansi pa lamulo limeneli mukhoza kulemba kalata ku unduna wa zantchito kupempha mndandanda wa makampani ololedwa kutumiza anthu kunja ndi zimene zili mu mgwirizano wa maboma, ndipo akakukanizani mukhoza kukadandaula ku bungwe la Malawi Human Rights Commission, limene limayang'anira lamuloli.

Funso lomweli likukhudzanso alendo obwera kudzagwira ntchito kuno. Nthambi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko imapereka chilolezo chotchedwa TEP, ndipo cholinga chake n'chakuti mlendo alembedwe pa ntchito imene Mmalawi woidziwa sanapezeke. Olemba anthu ntchito ali ndi mabungwe awo, ECAM ndi MCCCI, amene amalankhula ndi boma, ndipo apantchito ali ndi MCTU. Koma mnyamata amene ali pa benchi ya ejenti, kapena amene ali kale m'munda wa eni kunja, sali m'bungwe lililonse mwa amenewa.

Wamalonda_Bangula
Pa za TEP ndiye mwakhudza pachilonda. Ndinagwirapo ntchito pa kampani ina ya zomangamanga kumene woyang'anira nyumba yosungiramo simenti anali mlendo, pamene anyamata a madipuloma ankakankha wilibala. Titafunsa tinauzidwa kuti mwini ndalama amafuna munthu amene amamukhulupirira, ndipo walira mvula walira matope.

Thabwa_77
Mwini ndalama kufuna munthu wake si zodabwitsa. Chofunika n'chakuti amene anasainira chilolezocho athe kufotokoza poyera chifukwa chimene anavomerezera.

Mwana_wa_Tengani
Ndathokoza nonse, ndaphunzira zambiri kuposa zimene ndinafunsa. Bwana wa zamalamulo, ngati mungatilembere chitsanzo cha kalata imene mwanenayo, ine ndili wokonzeka kuisaina ndi kupita nayo kwa mkulu wa zantchito wa boma la Nsanje Lolemba likudzali, ndipo ndikupempha wina wa ku Chikwawa achite chimodzimodzi. Achemwali a mnyamata uja, kodi kontrakiti ija munasungako tsamba lina lililonse?

Mlongo_wa_Mnyamata
Sanatipatse kope, achimwene, koma mlembi atatuluka kukayankha foni ndinajambula masamba atatu, ndipo risiti ya ndalama yolembetsera ili m'Baibulo la amayi. Pa tsamba lachiwiri pali mawu akuti wantchito akasiya bwana amene wapatsidwa adzabweza yekha ndalama za ndege, koma dzina la bwanayo silinalembedwe, pali mzere wopanda kanthu.

Wazamalamulo_Dyeratu
Nditumizireni masamba atatuwo ndi risitiyo kumbali, musaziike pa gulu chifukwa pali nambala ya pasipoti. Kalata ndilemba usiku uno magetsi akayaka, ndipo mlongo wanu afunse anyamata anayi a pa siteji ya Nchalo ngati nawonso anasunga marisiti awo.